Kodi mpingo ukamudula munthu ndiye kuti wamutsekera khomo la kumwamba?

Nambewe_Dedza:

Abale ndi alongo, ndithandizeni maganizo pa zimene zimachitika m'mipingo yathu yambiri. Mtsikana wa kwaya akapezeka ndi pakati asanakwatiwe, sabata isanathe dzina lake lawerengedwa kutsogolo ndipo waimitsidwa pa Mgonero. Potuluka m'tchalitchi, pansi pa mtengo pomwe anthu amapatsirana moni, mawu ayamba kale kuyenda akuti ameneyu ndi nkhuni ya ku Gehena. Mnyamata amene anapereka pakatipo satchulidwa n'komwe. Ena akadandaula amati Yesu analetsa kuweruza, ena amayankha kuti mpingo wopanda mwambo si mpingo. Tsono ndondomeko yoyenera yolangira Mkhristu wochimwa ndi iti? Nanga alipo munthu, kaya ndi abusa kaya ndi akulu a mpingo, amene ali ndi mphamvu yonena kuti uje akupita ku Gehena?

AChisale_Mkulu:

Mayi Nambewe, mwafunsa bwino. Chilango cha mpingo chili ndi malire ake, ndipo malirewo analembedwa kalekale. Chivomerezo cha Westminster cha 1646, chimene mipingo ya Chipresibateriya imachilemekeza, pa mutu 30 chimatchula makwerero atatu: kuchenjeza, kuimitsa pa Mgonero kwa kanthawi, ndi kuchotsa mu mpingo. Chimanenanso kuti kukula kwa chilango kulingane ndi kukula kwa cholakwa, ndipo cholinga choyamba chimene chatchulidwa pamenepo ndi kumubweza mbale wolakwayo.

Njira yake ili pa Mateyu 18:15-17. Poyamba amapita munthu mmodzi, amene wadziwa nkhaniyo, kukalankhula ndi wolakwayo pawiri. Apa ndi pamene milandu yambiri imawonongekera, chifukwa masiku ano nkhani imafika pa gulu la WhatsApp la mpingo mwini wake asanafunsidwe. Ikatero ndiye kuti chilango chaperekedwa kale, chamanyazi, ndipo zimene akulu akachite pambuyo pake ndi zongotsatira mphekesera.

Akakana kumva, amatengedwa mmodzi kapena awiri. Chiwerengerochi chikuchokera pa Deuteronomo 19:15, pamene mlandu sukhazikika ndi mboni imodzi. Otengedwawo asakhale achibale a wodandaula kapena anthu amene ali pa udani ndi banja la woimbidwa mlandu. Ngati ndi mtsikana, pakhale mayi wachikulire wa Mvano kapena wa Chigwirizano, chifukwa mwana wamkazi sangamasuke pamaso pa amuna atatu okhaokha. Ndipo funso loyamba lisakhale lakuti wachimwa ndi ndani. Afunsidwe kaye ngati anavomera, ndiponso ali ndi zaka zingati. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Mwana, kapena wina aliyense wogwiriridwa, si wa chilango ayi. Ameneyo aperekezedwe kuchipatala ndi ku Victim Support Unit ya polisi, ndipo ngati zangochitika kumene afike kuchipatala maola 72 asanathe kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV.

Nkhani ikafika ku bwalo la akulu a mpingo, munthuyo aitanidwe nthawi ilipo, auzidwe mlandu wake asanafike, ndipo apatsidwe mpata wolankhula mpaka amalize. Mlembi alembe chigamulo, nthawi ya chilango, ndi dzina la mkulu amene azimuyendera. Ziwiri zomalizazi zimaiwalika kawirikawiri. Chilango chopanda tsiku lodzachiunikanso chimasanduka kuthamangitsa, ndipo wodulidwa amene palibe womuyendera amangosamukira ku mpingo wina kapena kusiyiratu kupemphera. Auzidwenso kuti ngati sakukhutira angathe kukadandaula ku presibiteri, bwalo loyang'anira mipingo ingapo ya dera limodzi. Polengeza kutsogolo, chigamulo chokha n'chokwana, tsatanetsatane wa zimene zinachitika atsalire m'bwalo.

Za mnyamata uja mwanena zoona, ndipo n'zopweteka. Levitiko 20:10 amatchula onse awiri, mwamuna ndi mkazi. Pa Yohane 8 anthu anabwera ndi mkazi yekha, chonsecho ankanena okha kuti amugwira ali mkati mochita. Pakati ndi umboni wooneka ndi maso, pamene katapila, ziphuphu, kumenya mkazi ndi kulanda munda wa ana amasiye zimabisika mu jekete. Bwalo limene m'buku lake muli maina a atsikana okhaokha chaka chonse lidzifunse ngati likulanga tchimo kapena likulanga chimene chaonekera.

MphunzitsiKamanga:

Ine ndigwire mbali ya Gehena, chifukwa mawu amenewa timawaponya mosavuta osadziwa kumene anachokera.

M'zilankhulo zimene Baibulo linalembedwa muli mawu angapo osiyana amene ife timangowaphatikiza n'kumati "kumoto". M'Chipangano Chakale muli Sheol, malo a akufa onse, abwino ndi oipa omwe. Yakobo pa Genesis 37:35, polira Yosefe, akunena kuti adzatsikira komweko. Mabaibulo athu a Chichewa nthawi zambiri amati manda kapena dziko la akufa. M'Chigiriki mawu ofanana nawo ndi Hade, ndipo pa Machitidwe 2:31 Petro akunena za Khristu kuti sanasiyidwe m'menemo. Pa Chivumbulutso 20:14 imfa ndi Hade zikuponyedwa m'nyanja ya moto, kusonyeza kuti Hade ndi nyanja ya moto si chinthu chimodzi. Ngati muli ndi Buku Lopatulika la 1922 ndi Buku Loyera la 1998, ikani mavesi amenewa pambalipambali muone m'mene omasulira analimbanirana nawo.

Gehena ndi dzina la malo enieni, chigwa cha Hinomu, kumwera chakumadzulo kwa Yerusalemu. Mafumu Ahazi ndi Manase anawotcherako ana awo ngati nsembe, monga 2 Mbiri 28:3 ndi 33:6 akunenera. Yosiya anadetsa malowo pa 2 Mafumu 23:10, ndipo Yeremiya 7:31-32 akuti adzatchedwa chigwa chophera anthu. Kuchokera apo dzinali linayamba kuimira chilango chomaliza cha Mulungu. Ulaliki wotchuka uja wakuti kunali kudzala kumene zinyalala za mzinda zinkayaka usana ndi usiku muzisamala nawo. Gwero lake lodziwika ndi rabi David Kimhi, mphunzitsi wa Chiyuda wa cha m'ma 1200, patapita zaka zoposa 1,000 kuchokera nthawi ya Yesu.

Tsono tawerengani. Mawu akuti Gehena amapezeka ka 12 m'Chipangano Chatsopano: ka 7 mu Mateyu, ka 3 mu Marko, kamodzi mu Luka, kamodzi mu Yakobo. Mwa amenewa, 11 akutuluka pakamwa pa Yesu, choncho amene amati Yesu sanaphunzitse za chilango akunama. Koma onani amene akuuzidwa. Pa Mateyu 5:22 ndi munthu wotchula mbale wake kuti chitsiru. Pa 5:29-30, 18:9 ndi Marko 9:43-47 womvera akuuzidwa za diso lake, dzanja lake ndi phazi lake, osati za mnzake. Pa Mateyu 10:28 ndi Luka 12:5 akulimbikitsa ophunzira ake kuti aziopa Mulungu koposa anthu. Pa Mateyu 23:15 ndi 23:33 akulankhula kwa alembi ndi Afarisi, atsogoleri achipembedzo. Ndipo pa Yakobo 3:6 chimene chayatsidwa ndi Gehena ndi lilime. Mwa mavesi 12 onsewa palibe pamene Yesu akuloza mkazi wachigololo kapena wokhometsa msonkho n'kumuuza kuti ndi wa ku Gehena. Amene amanong'ona pansi pa mtengo paja awerenge Mateyu 5:22 ndi Yakobo 3:6 mofatsa, chifukwa mavesiwo akukamba za pakamwa.

Dziwaninso kuti Akhristu sagwirizana pa m'mene chilangocho chidzakhalire. Akatolika ndi mipingo ya CCAP amaphunzitsa chilango chosatha, potsamira pa Mateyu 25:46. A Seventh-day Adventist amaphunzitsa kuti akufa ali m'tulo mpaka kuuka, ndipo oipa adzawonongedwa kotheratu, potsamira pa mavesi ngati Malaki 4:1 ndi Aroma 6:23. Koma pa mbali zonsezi wogamula za munthu aliyense payekha ndi Mulungu.

Tsalani_Gondwe:

Ndikugwirizana ndi zambiri, koma tisafewetse nkhaniyi mopitirira. A Chisale atchula Westminster, tiyeni titchulenso Katekisma wa Heidelberg wa 1563, amene mipingo yochokera ku Dutch Reformed, monga Sinodi ya Nkhoma, inaleredwa naye. Funso 85 likunena poyera kuti amene achotsedwa mu mpingo, Mulungu mwini amawatsekeranso kunja kwa ufumu wa Khristu. Ndiye sitinganene kuti kudula munthu ndi nkhani ya m'kaundula chabe. Paulo pa 1 Akorinto 5:12-13 akulamula mpingo kuweruza a m'kati, ndipo Yesu yemweyo amene pa Mateyu 7:1 anati musaweruze, ndi amene pa Yohane 7:24 akuti tiweruze molungama. Mawu akuti musaweruze asakhale chishango cha mkulu wa mpingo wodya ndalama za chitukuko.

AChisale_Mkulu:

Bambo Gondwe, mwachita bwino kulitchula funso 85, koma tiliwerenge lonse. Likunena za anthu amene achenjezedwa mwaubale kangapo, akana kusiya, nkhani yawo yafika kwa oyang'anira mpingo, ndipo anyozanso chenjezo la kumeneko. Mtsikana amene wabwera akulira n'kuvomera cholakwa chake tsiku loyamba sali m'gulu limenelo. Yankho lomwelo likutha ndi kunena kuti akalonjeza ndi kuonetsa kusintha kwenikweni alandiridwenso. Katekisma yemweyo pa funso 112, pofotokoza lamulo lachisanu ndi chinayi, akuletsa miseche ndi kutsutsa munthu mopupuluma asanamvedwe. Choncho onong'ona aja nawonso ali ndi mlandu woyenera bwalo. Onaninso 2 Akorinto 2:6-8, pamene Paulo akuuza mpingo kuti chilango chakwana, amukhululukire ndi kumutonthoza munthuyo kuopa kuti angamizidwe ndi chisoni. A Adventist pa mfundo iyi anaika malire a nthawi m'buku lawo la malamulo a mpingo: chidzudzulo chimakhala cha mwezi umodzi mpaka miyezi 12.

Katekisti_Maria:

Ndiwonjezere za ku Katolika, chifukwa zimathandiza pa funso lachiwiri la mayi Nambewe. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa 1992, pa nambala 1857, akuti tchimo limakhala lalikulu, lija lopha moyo wa chaulere cha Mulungu mwa munthu, pakakhala zinthu zitatu pamodzi: chinthucho chikhale chachikulu, munthu adziwe bwino kuti n'choipa, ndipo achichite mwa kufuna kwake. Ife oonera kunja timaona choyamba chokha. Chachiwiri ndi chachitatu zili mumtima. Mantha, kukakamizidwa, umbuli ndi matenda a maganizo zingachepetse mlandu wa munthu. N'chifukwa chake nambala 1861 ikuti tingathe kunena kuti chochita chakuti n'choipa kwambiri, koma kuweruza munthuyo tikusiye ku chilungamo ndi chifundo cha Mulungu. Mpingo wa Katolika walengeza anthu ambirimbiri kuti ndi oyera, koma sunalengezepo mwa chiphunzitso dzina la munthu mmodzi kuti ali kumoto.

Pamene izi zimavuta kwambiri ndi pa maliro. Munthu akamwalira ali pa chilango, mipingo ina siimba, amayi savala yunifolomu, bokosi limanyamulidwa kuli zii, ndipo aliyense pamudzi amamva uthengawo ngati chigamulo cha kumwamba. Zimafika poipa pamene wolalikira aimirira pafupi ndi bokosi, ana a malemu atakhala pamphasa patsogolo pake, n'kuyamba kuwerenga zolakwa za bambo awo ndi kufotokoza moto. Wakufa samva, akumva ndi anawo, ndipo mawu amenewo sadzawaiwala. Yesu pa Luka 13:1-5, atauzidwa za anthu ophedwa ndi Pilato, anatchulanso anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera, n'kukana kuti anali ochimwa koposa ena. Chenjezo analitembenuzira kwa amoyo amene ankamumvera. Wolalikira pa maliro atsate njira imeneyo: alankhule za imfa ndi kulapa kwa onse amene abwera, m'busa ndi akulu omwe, dzina la malemu alisiye m'manja mwa Mulungu.

Za odzipha, amene chiwerengero chawo chikudetsa nkhawa m'dziko muno, nambala 2282 ndi 2283 zikuti kuvutika kwakukulu m'maganizo kungachepetse mlandu, kuti tisataye chiyembekezo pa chipulumutso chawo, ndipo Mpingo umawapempherera. Malamulo a Mpingo a 1983 sanawaikenso pa mndandanda wa okanizidwa mwambo wa maliro, pamene malamulo akale a 1917 ankawakaniza. Akuluampingo ena kumidzi akadali kutsata zakalezo, choncho banja likakanizidwa lifike kwa bambo mfumu a parishi tsiku lomwelo, manda asanakumbidwe.

Nambewe_Dedza:

Zikomo kwambiri nonse. A Chisale, ndifunsenso chimodzi. Nanga mwana wobadwayo? M'malo ena amakana kumubatiza mpaka mayi ake atabwezedwa, ndipo pamene mayi akudikira, mnyamata uja akupitiriza kuimba kwaya ku mpingo wa mudzi woyandikana nawo. Kodi bwalo la akulu lili ndi udindo wolembera kalata mpingo winawo, kapena limangokhudza amene ali m'kaundula wake?