Kodi mawu akuti "superb" anachokera kuti, nanga amagwiritsidwa ntchito bwanji?

Chisomo: Akuluakulu, owulutsa mpira m'Chingerezi amakonda kunena kuti chigoli chinali "superb", ndipo mawu omwewa amapezekanso m'nkhani zoyamikira mabuku. Kodi akusiyana bwanji ndi "good" kapena "excellent", nanga anachokera ku chilankhulo chiti?

Mphunzitsi Wopuma: A Chisomo, mawuwa ndi mfotokozi wonena za chinthu chabwino koposa, chimene munthu akachiona amagoma nacho. Gwero lake ndi mawu a Chilatini akuti "superbus", omwe tsinde lake ndi "super", kutanthauza pamwamba. Chodabwitsa n'chakuti kwa Aroma mawuwa kawirikawiri sanali oyamikira ayi, chifukwa ankanena munthu wodzitukumula. Mfumu yomaliza ya Roma, yomwe inachotsedwa pampando cha m'ma 509 Yesu asanabadwe, inkatchedwa Tarquinius Superbus kaamba ka nkhanza ndi kudzikuza kwake, ndipo tchimo la kunyada m'Chilatini ndi "superbia". Mawu akuti "superb" atalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1500, ankanenedwa makamaka pa nyumba zikuluzikulu zochititsa kaso, kenako kunyada kuja kunaiwalika n'kutsala ubwino wokhawokha. Chitaliyana chinasunga tanthauzo lakale, moti kumeneko "superbo" amathabe kunena munthu wonyada.

Nambewe: Aphunzitsi afotokoza bwino, ine ndingowonjezerapo za kagwiritsidwe ntchito. Popeza mawuwa afika kale pachimake, eni chilankhulo sanena kuti "very superb". Akafuna kutsindika amati "absolutely superb", monga amachitiranso ndi "excellent". Kusiyana kwa awiriwa n'kwakuti "excellent" ndi mawu oyezera, oyenera pa lipoti la mayeso kapena kalata yochitira umboni wantchito, pomwe "superb" amaonetsa kuti wolankhulayo wakhudzidwa mumtima. Ine ndimaona kuti otsatsa malonda akuwafooketsa, chifukwa kwa iwo chilichonse, ngakhale sopo, ndi "superb".

Wokonda Mbalame: Mayi Nambewe, pa mayina ena mawuwa akadali ndi mphamvu yake. Ku Australia kuli mbalame yotchedwa "superb lyrebird", yomwe yaimuna yake ili ndi mchira wokongola kwambiri ndipo imatha kutsanzira kulira kwa mbalame zina. Kampani ya Škoda inapatsanso dzina lomweli galimoto yake ina. Potchula, a Chisomo, mutsindike phatikizo lachiwiri, osati loyamba monga mumachitira ndi "super".