Masipuling'i a mafoloko akutsogolo: ndigule a linear kapena a progressive?

Mphenzi650

Akuluakulu, ndikupempha malangizo anu. Njinga yanga yamoto ndi ya 650 cc, mafoloko ake ndi a 41 mm a mtundu wa damper rod (kandodo ka mabowo kam'kati mwa foloko komwe oyilo amadutsamo), ndipo ine ndikavala zokwerera zonse ndimalemera makilogalamu 95. Ndikagwira buleki mwamphamvu kutsogolo kumamira kwambiri, moti nthawi zina mafoloko amafika pamapeto n'kugunda. Kodi ndigule masipuling'i a linear (olimba mofanana ponseponse) kapena a progressive (olimbiralimbira akamapanikizika)? Nanga kungowonjezera preload (kupanikiziratu sipuling'i) sikungathetse vutoli?

Kabudula

Achimwene, musanatulutse ndalama yambani mwayeza mmene njingayo imatsikira inu mukakwerapo, zomwe amati sag. Tukulani kutsogolo kuti tayala lichoke pansi, muyeze mbali ya chubu cha foloko yomwe ikuoneka, kenako mukhale panjingapo mutavala zonse, mapazi ali pazopondera, wina akuigwirira, muyezenso. Kusiyana kwa miyeso iwiriyi kuyenera kukhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mtunda wonse umene foloko imayenda, ndipo pa njinga zambiri za mumsewu zimenezi zimagwera pakati pa 30 ndi 40 mm.

Za preload, ambiri amasokonezeka nazo. Preload siilimbitsa sipuling'i ayi. Imangosintha pamene foloko imayambira kuyenda. Sipuling'i ya kulimba kwa 0.70 kg/mm imakhalabe ya 0.70 ngakhale muipanikize chotani. Ngati mukufika pa sag yoyenera pokhapokha mutamanga preload mpaka kumapeto, ndipo njinga ikakhala yokha sikutsika n'komwe, dziwani kuti masipuling'i anu ndi ofewa pa kulemera kwanu.

Ine ndingasankhe a linear apakati pa 0.90 ndi 0.95 kg/mm, koma mutsimikize ndi tebulo la opanga masipuling'iwo, chifukwa kulemera kwa njinga nakonso kumawerengedwa. Ubwino wa linear ndi woti kulimba kwake n'kofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, choncho oyilo amene mwasankha amagwirizana nayo pa mtunda wonse.

Nangondo

Ndikugwirizana ndi a Kabudula pa zoyeza, koma a progressive musawataye msanga. Makoyilo ake oyandikana amayamba kutsekeka, sipuling'i n'kumalimba pamene ikupanikizika, ndipo ndiye chifukwa chake makampani ngati Hyperpro amawapangira anthu oyenda m'misewu ya mabampu kapena onyamula munthu kumbuyo nthawi zina. Kuipa kwake n'koti gawo lofewalo nthawi zambiri limathera mu sag, ndiponso simungawasankhe ndi nambala imodzi yogwirizana ndi thupi lanu.

Chimene sichinafotokozedwe mokwanira ndi oyilo wa m'mafoloko. Sipuling'i yolimba imabwerera mwamphamvu, ndiye oyilo akakhala wakale kapena wopyapyala kutsogolo kumadumphadumpha mukasiya buleki. Musadalire kwambiri nambala za kukhuthala kwa oyilo ngati 10W kapena 15W, pakuti makampani sayeza mofanana. Yang'anani nambala ya cSt pa 40°C, imene imasonyeza kukhuthala kwenikweni kwa oyiloyo. Kuchuluka kwa oyilo nakonso n'kofunika, chifukwa mpweya wotsala pamwamba pake umagwira ntchito ngati sipuling'i yachiwiri imene imalimba foloko ikamayandikira kumapeto. Kukweza oyilo ndi 10 mm kumachepetsa kugunda kuja popanda kuumitsa poyambira. Pa mafoloko ngati anu, muyeso umatengedwa sipuling'i itachotsedwa ndipo foloko itapanikizidwa mpaka pansi.

Mphenzi650

Zikomo bambo Kabudula, zikomo mayi Nangondo. Kodi oyilo wokhuthala sangaumitse njinga pa mabampu?

Kabudula

Angaumitse ndithu, ndipo limeneli ndi vuto la damper rod iliyonse. Oyilo amadutsa m'mabowo osasintha kukula, motero foloko ikamayenda pang'onopang'ono, monga pogwira buleki, mabowowo saletsa kanthu, koma tayala likamenya bampu mwadzidzidzi oyilo amalephera kudutsa msanga ndipo kugundako kumafika m'manja. Mankhwala ake ndi timavavu ta cartridge emulator, monga Gold Valve ya Race Tech, timene timakhala pamwamba pa damper rod, pansi pa sipuling'i. Kuti timavavuti tigwire ntchito mabowo a rodiyo ayenera kukulitsidwa, ndipo sipesa (kachubu kokhala pamwamba pa sipuling'i) iyenera kufupikitsidwa molingana ndi msinkhu wa kavavuko.

Pomasula, yambani mwamasula bawuti yapamwamba yomwe imagwira chubu musanazungulize chotsekera cha pamwamba pa foloko, ndipo chotsekeracho muchikanikize ndi dzanja chifukwa sipuling'i imachikankha. Mukamaliza, mangani kalamba kapulasitiki pa chubu kuti muzidziwa mtunda umene foloko ikugwiritsa ntchito. Mutagwira buleki mwamphamvu payenera kutsala pafupifupi 10 mm.