Gitala ya malemu achimwene ndi yakumanja, ine ndine wamanzere: ndiyambire pati?

Wamanzere92 walemba:

Moni nonse. Ndili ndi gitala yamagetsi imene anandisiyira malemu achimwene anga. Si Fender yeniyeni, koma kapangidwe kake ndi ka Stratocaster: ma pickup atatu (timaginito totola mawu a nsambo), zochunira zonse zisanu ndi chimodzi zili mbali imodzi ya mutu, ndipo ili ndi kachitsulo kogwedezera mawu kaja. Iwo anali akumanja, pomwe ine ndine wamanzere wobadwa nawo. Ndalimbana nayo miyezi inayi kuti ndiziimba mmene iwo ankaigwirira, koma dzanja langa lamanja likukanika kusunga kayendedwe ka nyimbo. Zala zikugwira ma chord bwinobwino, koma kukhwatcha ndiye ayi, ndimangotsalira m'mbuyo.

Loweruka lapitali ndinamasula nsambo zonse n'kuzimanga motembenuza, kuti ndikaigwira chamanzere nsambo yonenepa ikhale pamwamba. Zimene zachitika zandifooketsa. Nsambo yonenepa ya E yakana kulowa m'kampata kake pa nut (kachidutswa ka timipata kamene nsambo zimadutsapo pamene khosi likumana ndi mutu), yangokhala pamwamba, ndipo ndikaikhudza mwamphamvu imadumpha. Yopyapyala ija ikungosewera m'kampata kakakulu n'kumalira ngati muli njuchi. Ndikachuna, makina akuonetsa kuti zonse zili bwino, koma ndikangokwera kupitirira fret 7 (ma fret ndi timizere tachitsulo ta pakhosi) mawu akusemphana moti khutu likukana. Lamba nayenso wasokonekera, chifukwa kachitsulo kokolekapo katsikira pansi.

Kuigulitsa sindingathe. Pakhosi pake pali poyera pamene chala chawo chachikulu chinkakhuza, ndipo ndikaigwira ndimawaona. Kodi ndaiwononga? Chofunika kusintha n'chiyani, nanga chimene ndingachite ndekha ndi chiti?

Mmisiri_wa_nsambo walemba:

Pepani ndi imfa ya achimwene anu. Mtima ukhale pansi, simunawononge kanthu. Mwangochita gawo loyamba la ntchito, kwatsala magawo ena, ndipo gitala yamtundu umenewu ndi imodzi mwa zosavuta kutembenuza.

Yambani ndi nut. Timipata take tinasemedwa molingana ndi kukula kwa nsambo iliyonse. Pa nsambo zimene ambiri amagwiritsa ntchito, za 10 mpaka 46, yonenepa imaposa yopyapyala kanayi ndi kupitirira, ndiye n'zosatheka kuti zisinthane malo popanda kudandaula. Ena amangokulitsa timipata ndi tupa. Zimathandiza nsambo yonenepa, koma yopyapyala imatsalabe m'chimpata, njuchi zanu zija sizichoka. Ena amazula nut n'kuitembenuza. Musatero. Kampata kalikonse kamatsetsereka kulowera kumutu, kuti nsambo izinyamukira m'mphepete mwenimweni moyang'ana ma fret. Mukaitembenuza, kutsetserekako kumaloza kolakwika ndipo mawu sadzakhazikika. Pezani nut yopangidwira amanzere, muyeze kaye m'lifupi mwa yakaleyo, kapena mmisiri akusemereni yatsopano. Pochotsa yakale, dulani vanishi m'mbali mwake ndi lezala, kenako muigogode pang'onopang'ono cham'mbali. Yatsopano imangofuna kadontho kamodzi kapena tiwiri ta guluu, osati kuimiza. Yakaleyo muisunge, ndi ya achimwene anu, komanso tsiku lina gitala ikhoza kubwerera kumanja.

Kusemphana kwa mawu kuja kukuchokera ku bridge, pamene nsambo zimakhazikika pathupi la gitala. Mukayang'anitsitsa muona kuti timipando timene nsambo zimakhalira sitili pamzere umodzi. Nsambo yonenepa imafuna kutalikirapo pang'ono, n'chifukwa chake kampando kake kamabwerera m'mbuyo, pomwe ka yopyapyala kamasendera kutsogolo. Inu mwasinthanitsa nsambo koma timipando tatsala mmene tinalili. Mwayi wanu ndi wakuti pa gitala yanu kampando kalikonse kali ndi sikuluwu yakeyake. Chunani nsambo, kenako muidinde pa fret 12. Mawu akakwera kuposa oyenera, bwezani kampando m'mbuyo, kutali ndi khosi. Akatsika, kasendezeni kutsogolo. Chunaninso, yesaninso, mpaka zigwirizane. Nsambo imodzi imodzi, osathamanga. Nthawi zina kasipuling'i ka kampando komwe tsopano kanyamula E yonenepa kamakhala katali, moti kampando kamalephera kubwerera mokwanira. Zikatero kasinthanitseni ndi ka mbali inayo.

Ikanakhala gitala ya bridge ya mtundu wa Gibson, imene mizati yake inazikidwa mopendama m'thupi la gitala, bwenzi ndikukuuzani zina, chifukwa kumeneko timipando nthawi zina timafika pothera mawu asanagwirizane.

Mukamaliza, onaninso kutalika kwa nsambo kuchoka pa ma fret. Zonenepa zimagwedezeka kwambiri, zimafuna mpata wochulukirapo, pafupifupi mamilimita 2 pa fret 12, zopyapyala kucheperako pang'ono. Ma pickup nawonso muwatsitse mbali imene kwapita nsambo zonenepa, muwakweze mbali inayo. Za lamba n'zosavuta: boolani kabowo kakang'ono panyanga inayo ya thupi la gitala, imene tsopano ili pamwamba, musanamange sikuluwu, apo ayi thabwa ling'aluka.

Chala_Chachisanu walemba:

Akuluwa afotokoza bwino, koma ine ndili ndi maganizo ena, achimwene. Bwanji osabweza nsambo mmene zinalili, n'kungoitembenuza gitalayo osasintha kanthu? Nsambo yopyapyala ikhala pamwamba, yonenepa pansi. Albert King ankaimba choncho pa gitala yake ya Flying V, Dick Dale nayenso chimodzimodzi, ndipo palibe anganene kuti ankasewera. Ine ndaimba motero zaka khumi ndi ziwiri. Ubwino wake, kulikonse kumene ndapeza gitala ndimangonyamula n'kuyamba, sindidikira kuti papezeke ya amanzere. Popinda nsambo ndimakokera pansi m'malo mokankhira m'mwamba, ndipo dzanja limakhala ndi mphamvu zambiri pokoka. Komanso gitala ya malemu ikhala ndendende mmene anaisiyira, osaboola paliponse kupatula za lamba.

Sindikubisirani, ma chord ena amavuta, ndipo zojambula za m'mabuku muziyamba mwazitembenuza m'mutu.

Nachisale_Bass walemba:

Ine ndikutsutsana nazo zimenezo, pepani achimwene a Chala. Munthuyu wanena kuti zala zake zaphunzira kale ma chord. Akamanga nsambo mwa amanzere, zimene waphunzirazo angozisamutsira kudzanja linalo ngati pagalasi, ndipo phunziro lililonse la pa YouTube limuyendera. Njira yanuyo ndi ya munthu amene anakulira momwemo.

Ndinatembenuzapo gitala yonga yanuyo, ndiye ndikuuzeni zimene zimatsala ngakhale mmisiri atagwira ntchito yake bwino, kuti musadzadabwe. Choyamba chimene chinandisowetsa mtendere ndi timabatani ta voliyumu ndi toni. Tikatembenuka timakhala pansi pa mkono weniweni. Ndikuimba pakati pa nyimbo, mawu n'kumangochepa okha, osadziwa kuti mkono wanga ukupotokola voliyumu. Ndinachotsa zipewa zake n'kusiya timitengo tokha, zinachepako. Ena amamata ndi tepi. Waya wopita ku amp nawonso umatulukira kumtunda, pafupi ndi chigongono. Muudutsitse kuseri kwa lamba kuti usamakoleke.

Timadontho ta m'mbali mwa khosi, timene timakuuzani fret imene muli, tipita pansi kumene maso safika. Ine ndinadula timapepala tomata n'kuika pa 3, 5, 7, 9 ndi 12. Zooneka zazing'ono, koma pamalo a mdima mudzatithokoza. Nyanga yaitali ikatsikira pansi imatchinga dzanja mukafuna ma fret akumapeto, ndipo poti lamba wakoleka panyanga yaifupi, mutu wa gitala umakonda kuwerama. Lamba wotambalala, wosaterera, amathandiza.

Koma pali chokoma chimene sindinachiyembekezere. Pickup ya kufupi ndi bridge inaikidwa mopendama, kuti nsambo zopyapyala zizilira mokuthwa. Mukatembenuza, kupendamako kumagwira ntchito mosiyana: zopyapyala zimafewa mawu, zonenepa zimamveka zolimba, zosalowerera. Jimi Hendrix ankaimba Stratocaster zakumanja zotembenuzidwa chomwechi, nsambo atazimanga mwa amanzere, kachitsulo kogwedezera kali kumtunda. Ine mawu amenewo ndinawakonda moti nditapeza gitala yeniyeni ya amanzere, yakaleyo sindinaisiye.

Wamanzere92 walemba:

Zikomo nonse, mwandimasula. Usiku wathawu ndinayesa za fret 12 zija ndi nsambo zinayi zapakati, zimene zikukhalako bwino pa nut yakale. Zoonadi, A inali yokwera kwambiri, B yotsika. Nditasuntha timipando, chord ya D pa fret 10 yamveka yoyera koyamba chiitembenuzireni, ndipo ndinakhala ndikuibwereza mpaka mochedwa.

Achimwene a Chala, njira yanu ndinaiyesa kanthawi ndisanagone. Ndaimva kukoma kwake popinda nsambo, koma mutu wanga unazungulira pa chord ya C yokha, ndiye nditsata za alongo a Nachisale. Nut sindiigwira ndekha, ndilibe tupa toyenera ndipo manja anganjenjemere pa gitala imeneyi. Ndapeza mmisiri woti andisemere yafupa. Yakale ndaikonzera kale kabokosi.

Funso limodzi kwa a Mmisiri: kachitsulo kakale kokolekapo lamba ndikasiye pomwepo, kapena ndikasamutse? Ndikufuna pasatsale bowo loonekera.

Mmisiri_wa_nsambo walemba:

Kasiyeni pomwepo, mugule kena kofanana nako ka nyanga inayo. Kakakusokonezani dzanja pa ma fret akumtunda m'pamene mungakachotse, bowolo n'kutsekamo kamtengo kothira guluu. Ndipo popita kwa mmisiri mutenge nsambo zatsopano za saizi imene muzigwiritsa ntchito, kuti aseme timipata poyezera zomwezo.