Mapaipi oyera a m'dambo aja ndi a ndani?

Achemwali a kumudzi: Moni nonse. Ndangochokera ku dimba, kumunsi kwa dambo kwazikidwa mapaipi oyera 6 ndi zikhomo zozunguliza chingwe, anthu akuti malo agulitsidwa. A Chair tiuzeni chilungamo

Malume: Zayambika

A Chair: Palibe wagulitsa kanthu chonde. Ndi ana a ku yunivesite akupanga kafukufuku wa zomera za m'dambo, anadzera kwa amfumu ndipo kalata yawo ndinaiponya muno mwezi watha, kungoti simuwerenga. Akupempha kuti gulu lithandize kutseka chigwembe chija ndi miyala, komanso kachigawo kapakati tisalimemo kaye zaka ziwiri.

Achimwene a ku Johannesburg: kuthandiza kwake ndi kusonkha eti kkkk ine za mjigo zija lisiti mpaka lero

Amayi a chuma: Achimwene za mjigo tinakambirana kale, musandiyambe m'mawa uno.

Aphunzitsi opuma: Ndiloleni ndilankhulepo poti ine ndinayenda nawo anawo Lachiwiri tsiku lonse, nsapato zanga mpaka pano sizinaume. Mapaipi aja ndi oyezera madzi a pansi. Paipi ili ndi timabowo kumunsi, madzi amalowa, iwo amabwera sabata iliyonse kuponyamo tepi n'kulemba kuti madzi ali patali bwanji kuchoka pamwamba pa nthaka. Zikhomo za chingwe zija ndi kabwalo ka mita imodzi mbali zonse, amagwada pamenepo n'kuwerenga chomera chilichonse, bango zingati, njedza zingati, udzu wa kumtunda walowerera ungati. Ndinawaona ndi maso anga, mtsikana mmodzi anakhala pa kabwalo kamodzi pafupifupi ola lathunthu mpaka misundu inamukwera. Wogula malo sagwada m'matope kuwerenga udzu abale.

Malume: Nanga dothi anatenga m'majumbo lija? Anthu akuti akufuna miyala ya mtengo wapatali

Aphunzitsi opuma: Malume dothi lija ndiye pagona nkhani yonse. M'matope a dambo mumakhala njere zogona, zina zimatha zaka zambiri osamera kudikira chinyezi. Akalithira m'mathireyi, ena onyowa chabe ena omira m'madzi, n'kumawerenga zomwe zikumera. Zikamera za m'dambo zenizeni ndiye kuti dambo lathu likhoza kudzuka lokha tikangobweza madzi, sitifunika kugula mbande ngakhale imodzi. Zikapanda kumera ndiye tidzachite kukakumba mizu ya bango kwina n'kudzabzala. Bango ndi njedza zimayanga ndi mizu yapansi, chidutswa chimodzi chimadzaza malo.

Achimwene a ku Johannesburg: ndiye tingobzala bangoyo basi nkhani ithe, zosonkha za chani

Aphunzitsi opuma: Ayi ndithu, apo ndi pamene ambiri amaphonyera. Madzi choyamba. Chigwembe chija chili ngati ngalande, mvula ikagwa madzi amathamanga n'kupita tsiku lomwelo m'malo moti ayale m'dambo n'kulowa pansi pang'onopang'ono, ndipo chikamazama chimakoka ndi madzi a pansi omwe, ndiye chifukwa chake zitsime za m'mbali zikuuma msanga masiku ano. Mukabzala bango pouma liuma basi. Zomera zimenezi zinapangidwira malo omira, thyolani tsinde la njedza muone mkati mwake timabowo ngati siponji, mpweya umadutsa mmenemo kufika ku mizu ili m'matope. Chimanga chilibe timabowo tokwanira ngati timeneti ndiye chimachita chikasu chikamira. Tikatseka chigwembe ndi timipanda ta miyala motalikirana, madzi achepa liwiro, mchenga uzitsalira kuseri kwa mpanda, pansi pazikwera.

Achemwali a kumudzi: Zonsezo zabwino aphunzitsi koma kachigawo kapakati ndi pamene pali dimba langa. Zaka ziwiri ana azidya kafukufuku? Inu a m'tauni kulankhula n'kosavuta

Mlembi: Mfundo ya achemwali ndi yomveka, tiilembe.

Malume: Komanso tisanamizane muno, dambo linayamba kuuma atabzala bulugamu kumutu kwa kasupe. Wobzalayo tonse tikumudziwa

A Chair: Malume ngati mukunena bambo anga tchulani dzina. Mitengo ija anabzala nthawi imene aliyense ankauzidwa kuti abzale.

Malume: Ine sindinatchule munthu

Aphunzitsi opuma: Za bulugamu malume sakunama, ndi mtengo wakumwa madzi kwambiri chaka chonse ndipo sufunika pa kasupe. Koma si wokha. Ng'ombe zimapondaponda njira imodzimodzi mpaka kukhala poyambira chigwembe, timatentha dambo chaka chilichonse, timalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Ndiye feteleza wokokoloka m'minda uja amanenepetsa njedza mpaka kupha tizomera tina tating'ono, dambo kumaoneka lobiriwira koma muli mtundu umodzi. Anawo akufuna adziwenso zimenezo. Pitani ku Chilwa mukaone, nyanja ija inauma mu 1968, mu 1995, mu 2018 inaphweranso kwambiri, koma njedza zimabwerera madzi akabwera chifukwa mizu ndi njere zimatsala pansi, ndipo zimapirira kamchere ka m'madzi aja. Akatswiri anayamba kufufuza zomera za kumeneko kalekale m'ma 1960. Dziko lonse lapansi lili ndi pangano loteteza madambo, linasainidwa ku Ramsar ku Iran mu 1971, Chilwa ili pa mndandanda wa madambo a m'panganoli, Elephant Marsh, dambo lalikulu la kumunsi kwa mtsinje wa Shire, inalowa mu 2017. Si nkhani yoti a Chair aipeka dzulo.

Achimwene a ku Johannesburg: aphunzitsi mwatilembera mayeso kkkk ine funso langa ndi limodzi, ndalama azisunga ndani

Amayi a chuma: Ngati simundikhulupirira tengani bukulo musunge inuyo konko. Ndatopa nazo, ntchito yongodzipereka koma kutukwanidwa daily

Achimwene a ku Johannesburg: sindinatukwane mayi, ndafunsa lisiti. Mjigo unagwira miyezi itatu, amene anakonza uja anali mlamu wake wa ndani?

Mlembi: Chonde tibwerere ku dambo.

Mphwathu wa ku koleji: Pepani akuluakulu, ine ndinaona maluwa ena okongola a pepo pa damu lina, bwanji tikatengeko tidzaike pa dziwe la kumunsi likadzadza

Aphunzitsi opuma: Iwe usayerekeze!! Ameneyo ndi namasupuni. Kwawo ndi ku South America, anafalikira m'maiko ambiri chifukwa cha maluwa omwewo. Pamadzi a chonde amatha kuwirikiza kawiri m'masabata awiri okha, amaphimba pamwamba ponse, kuwala sikulowa, mpweya m'madzi umachepa. Mu Shire anavutitsa mpaka anachita kubweretsa tizilombo ta Neochetina toti tizimudya. Ukaika kamtengo kamodzi pa dziwe lija adzukulu ako adzakhala akuvuulabe.

Mphwathu wa ku koleji: Ndamva aphunzitsi

Achemwali a kumudzi: Funso langa la dimba palibe wayankha mpaka pano

A Chair: Achemwali tidzakambirana pa msonkhano, mwina tipemphe amfumu akupatseni kaye malo ena m'mbali.

Achemwali a kumudzi: M'mbali mouma muja? Ndizithirira ndi chani, mjigo wake uti

Achimwene a ku Johannesburg: mwamva nokha kkkkk

Malume: Ine miyala ndituta, ngolo ilipo. Koma bulugamu ayambe wagwa

A Chair: Mitengo ija siikukhudzana ndi pempho la anawa.

Aphunzitsi opuma: Ikukhudzana a Chair, paipi nambala 1 anaizika dala pafupi ndi mitengoyo kuti adzafananize ndi zinazo. Manambala akadzatuluka tonse tidzaona.

Achemwali a kumudzi: Paipi yake ya pafupi ndi mitengo? Imeneyo palibepo, m'mawa ndapeza dzenje lokha

Mlembi: Wazula ndani?

Amayi a chuma atuluka m'gulu