Blackbird ya X-Men: anthu onse aja amakwanamo bwanji?

Malume_wa_Mufakose:
Moni abale. Loweruka ndinapita kumsika wa kaunjika wa ku Avondale, ndipo m'katoni ina ndinapeza makomiki akale a X-Men, mapepala atachita chikasu, ena zikuto zitang'ambika. Ndinagula anayi. Usiku magetsi atazima tinawerenga ndi tochi ya foni, ine ndi mwana wa achemwali anga wazaka 11, yemwe nkhani zake ndi za ndege zokhazokha. Anaika chala pa ndege yakuda ya X-Men ija, yotchedwa Blackbird, n'kunena kuti, "Amalume, iyi ndi SR-71, koma yeniyeni ili ndi mipando iwiri yokha. Ndiye Cyclops, Storm, Wolverine, Colossus ndi Nightcrawler akhala pati?" Ndinasowa chomuyankha. Mwanayu sindifuna kumunamiza. Odziwa ndithandizeni.

Mdala_wa_Tafara:
Achimwene, mwanayo ali ndi maso. SR-71 yeniyeni inapangidwa ndi kampani ya Lockheed, inauluka koyamba mu Disembala 1964, ndipo inkathamanga kuposa katatu liwiro la mkokomo. Munkakhala anthu awiri basi, woyendetsa kutsogolo, woyang'anira makina aukazitape kumbuyo. Ya X-Men inangotengera maonekedwe ndi dzina, poti SR-71 nayonso imatchedwa Blackbird. M'nkhanimo ndi ndege yosinthidwa, m'kati anaikuza, ndipo imanyamuka chilili osafuna bwalo lalitali. Pambuyo pake anaikamo zida za a Shi'ar, anthu a kumlengalenga aja, kenako Forge, katswiri wa makina wa X-Men, nayenso anaigwiragwira. Komanso musaiwerenge ngati ndege imodzi. Yaphwanyikapo kangapo n'kumangidwa ina, ndiye mukaona mapiko akusiyana buku ndi buku, chifukwa chake n'chimenecho.

Chimene chimandikoma mtima ine ndi kachinjoka ka Kitty Pryde, mtsikana wa m'gulu la X-Men. Dzina lake ndi Lockheed, ndipo linachokera ku ndege yomweyi. Kitty ankasimbira kamtsikana Illyana nthano yogonera, n'kusandutsa ndegeyo kukhala chinjoka. Atadzakumana ndi kachinjoka kenikeni, anakapatsa dzina lomwelo. Olemba a nthawi imeneyo ankakumbukira zimene analemba.

Nachisale_Highfield:
Ine pondivuta ndi pa filimu ya X-Men ya 2011 ija, First Class. Nkhani yake ikuchitika mu 1962, pa mkangano wa mizinga ya ku Cuba, ndipo akuti ndegeyo anaikonza ndi Hank McCoy, wasayansi wa X-Men. Koma SR-71 inali isanauluke, kunali kutatsala zaka ziwiri. Muuzeni mwanayo kuti mafilimu ali ndi njira yawo, makomiki yawonso. Akazisakaniza mutu umupweteka.

Mumuonetsenso Quinjet, ndege ya Avengers, gulu lina la m'makomiki lomwe muli Captain America. Inayamba kuoneka mu 1969, ndipo m'makomiki inakonzedwa ndi akatswiri a ku Wakanda, dziko longopeka la mu Africa, kwawo kwa Black Panther. Nditawerenga zimenezi ndili kusekondale ndinanyadira sabata yonse, kuti ndege ya Captain America nzeru zake n'za mu Africa muno.

Mdala_wa_Tafara:
Zoona achemwali, za Wakanda ndinaziiwala.

Malume_wa_Mufakose:
Zikomo kwambiri nonse. Ndamuwerengera mayankho anu tili mukombi kuchokera m'tauni. Za chinjoka zamusangalatsa mpaka anandiuza ndibwereze kawiri. Pano wakhala pakhonde, wang'amba katoni ya sopo, akujambula m'kati mwa ndegeyo ndi pensulo. Waika mipando isanu ndi itatu, wa Colossus waukulitsa chifukwa akuti akasanduka chitsulo amalemera. Tsopano akufunsa kuti mafuta amaikidwa pati.