Agwape akundithawa ndisanafike pa nsanja, thandizeni

Muli bwanji nonse pagulu pano? Ndili ku Michigan ku America, sizoni yosaka agwape ndi mfuti ikutsegulidwa pa 15 Novembala koma vuto langa ndi kufika pa nsanja yanga ya mumtengo yodikirirapo agwape kusanache. Masamba ouma aja amangoti tswatswatswa ndikaponda, kenako ndimangomva gwape akufwenthera uko mumdima n'kuthawa, basi m'mawa wonse palibe chobwera. Tochi yofiira ndayesa, majombo a labala ndinagula, zovala ndimachapa ndi sopo wopanda fungo, kanjira ndinasesa ndi reki koma masamba akugwanso daily. Mphepo imakonda kuchokera kumadzulo ndiye munda wa chimanga umene agwape amadyamo usiku uli kum'mawa kwa njira yangayo, fungo langa likupita komweko. Ndizungulire patali kapena ndizingolawira kwambiri? Amene mumasaka kuno mumapanga bwanji?