Nsengwa ya mwana wobadwa atafa: tiisamale bwanji pa kafukufuku wa zipatala zingapo?

Mzamba22: Akuluakulu, ndithandizeni. Zipatala zingapo zikagwirizana kufufuza chimene chikupha ana m'mimba, nsengwa isamalidwe motani kuchokera m'chipinda chochilira mpaka ku labotale, kuti zopeza za uku ziyerekezeke ndi za uko?

Wakulabu: Choyamba, musaiike mufiriza. Madzi akaundana amang'amba timinofu, ndiye pa maikulosikopu mumangoona zophwanyika. Ikhale mufiriji pa madigiri 4, m'chidebe chotseka cholembedwa nambala ya mayi.

Poyeza kulemera, chotsani kaye mchombo ndi nembanemba, ndipo muiyeze isanalowe mu formalin (mankhwala osungira minofu kuti isaole) chifukwa mankhwalawa amaionjezera kulemera. Chipatala china chikamayeza ndi mchombo womwe, nsengwa yopinimbira idzaoneka ngati yabwinobwino, chonsecho kuchepa kwakeko ndiye chizindikiro choti magazi a mayi sankafika mokwanira.

Podula tsatirani ndondomeko ya Amsterdam ya 2016, imene akatswiri ounika nsengwa anagwirizana: zidutswa zosachepera 4. Chimodzi chikhale cha nembanemba yokulunga pamodzi ndi timagawo 2 ta mchombo, zinazo 3 za nsengwa yeniyeni, zodulidwa kuyambira mbali ya mwana mpaka mbali ya mayi. Pewani m'mphepete, mimba ikakhwima kumeneko kumapezeka minofu yakufa ngakhale mwana ali bwino. Formalin akhale wa 10% wa buffered, kutanthauza wothira buffer, mankhwala oletsa kuti asakhale wa asidi. Wopanda buffer amasiya timadontho takuda tofanana ndi ta malungo, ndipo munthu atha kulemba malungo pomwe palibe.

Namwino_wausiku: Anzathu a ku labu anena zoona, koma pali zina zimene maso a mzamba okha ndiwo amaona. Nsengwa ikamatuka mwana asanabadwe, magazi amaundana kuseri kwake, ndipo chibuma cha magazicho chimagwa poinyamula. Mukapanda kulemba kukula kwake nthawi yomweyo, umboni wapita. Lembaninso ngati mchombo unali ndi mfundo yothina, BP ya mayi, zotsatira za chindoko, ndi nthawi yomaliza imene mtima wa mwana unamveka. Kusupuka kwa khungu la mwana pakokha musakudalire pogamula kuti anafa zowawa za kubereka zisanayambe.

Mzamba22: Nanga pepala lachilolezo? Mayi ali m'misozi, timuyamba bwanji?

Wowerengera: Mupepeseni kaye, aone mwana ngati akufuna. Nsengwa ikhoza kudikira mufiriji, choncho palibe chothamangira. Mumuuze zoona: tidulako tizidutswa, yotsalayo atha kutenga, ndipo akakana chisamaliro chake sichisintha.

Koma inu a Mzamba22, gwirizanani kaye mukuwerenga ndani. WHO poyerekeza mayiko imawerenga ana obadwa atafa kuyambira pa masabata 28 a mimba, pomwe ku America amayambira pa 20. Zifukwa za imfa nonse mulembe ndi ICD-PM, ndondomeko ya WHO yoika m'magulu imfa za ana obadwa atafa ndi ongobadwa kumene. Tenganinso nsengwa za ana obadwa amoyo, chifukwa zipsera zina zimapezeka mwa iwonso. Akatswiri awiri aunike galasi limodzi la kachidutswa ka nsengwa pa maikulosikopu aliyense payekha, osadziwa ngati mwanayo anabadwa wamoyo kapena ayi.